Petulo wotchipa amalipira ndani? Zimene zakhala zikuchitika ku Indonesia

Usiku wa pa 17 Novembala 2014, m'malo omwetsera mafuta a mu mzinda wa Jakarta ndi m'mizinda ina ya ku Indonesia munadzaza njinga zamoto mpaka mizere kutulukira kumsewu. Pulezidenti Joko Widodo, amene kwawoko amangomutchula kuti Jokowi, anali atangolengeza pa wailesi ya kanema kuti ikamakwana 12 koloko usiku, lita imodzi ya petulo ichoka pa 6,500 rupiah (ndalama za kumeneko) kufika pa 8,500. Mkuluyo anali asanathe ndi mwezi womwe ali pampando. Aliyense anathamanga kuti akadzaze thanki mtengo wakale usanathe, ndipo m'masiku otsatira ophunzira a m'mayunivesite anatentha matayala m'misewu. Koma boma silinagwe. Ku dziko limenelo ichi pachokha chinali chodabwitsa, chifukwa onse ankakumbukira zimene zinachitika mu 1998.

Tisanafike ku 1998, tiyambe tamvana za chinthu chimene akukanganirana. Ife sabuside timaidziwa bwino pa feteleza. Thumba lili ndi mtengo wake ku shopu, mlimi amene ali pa mndandanda amalipira pang'ono, zotsalazo boma n'kuika. Pa mafuta ndi momwemonso, kungoti palibe kuponi, palibe mndandanda wa kwa amfumu, palibe kuonetsa chitupa. Aliyense amene wafika pa pampu walandira, ndipo amene wamwetsa malita ambiri ndiye walandira zambiri. Nthawi zina ndalamazo zimalembedwa poyera mu bajeti. Nthawi zina sizilembedwa n'komwe: boma limangouza kampani yoitanitsa mafuta kuti isakweze mtengo, kampaniyo n'kumagulitsa moluza, ngongole n'kumaunjikana chamseri. Mtundu wachiwiriwu Amalawi tauona. Petulo anakhala pa K2,530 kuyambira Novembala 2023 mpaka Okutobala 2025, makampani oitanitsa mafuta akudandaula kuti mtengowo sukubweza zimene akuononga. Ineyo ndinagonapo m'galimoto pamzere, m'bandakucha n'kuuzidwa kuti mafuta atha, kenako n'kukagula a m'zigubu pa mtengo woti sindingautchule pamaso pa akazi anga. Pa chikwangwani mafutawo anali otchipa ndithu.

Indonesia ndi dziko la anthu oposa 270 miliyoni, lomwazikana pa zilumba zoposa 17,000. Kale linkakumba mafuta ochuluka ndi kugulitsa kunja, ndipo linali m'bungwe la maiko ogulitsa mafuta la OPEC. Pa nthawi ya ulamuliro wa Pulezidenti Suharto anthu anazolowera kuti mafuta otchipa ndiwo gawo lawo pa chuma cha pansi pa nthaka yawo. Ena akudya zonona kumtundako, ife tidyeko pa pampu. Koma zitsime zinayamba kuphwa, magalimoto ndi njinga zamoto zikuchulukirachulukira, ndipo cha m'ma 2004 dzikolo linayamba kugula mafuta ambiri kunja kuposa amene linkagulitsa. Mu 2008 linalengeza kuti likutuluka mu OPEC. Chizolowezi cha mtengo wotsika ndiye chinatsala. M'zaka zina sabuside ya mafuta ndi magetsi inkadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a ndalama zonse zimene boma linkaononga, kuposa kutalitali zimene linkaika m'zipatala.

Apa akatswiri a zachuma ndi a zachilengedwe amayankhula chimodzi. A zachuma amati ndalamazi zimathera kwa olemera. Tangoganizani: bwana wa galimoto lalikulu amamwetsa malita 200 pa mwezi, mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto, amene kumeneko amamutcha ojek, mwina malita 60, gogo wa kumudzi amene amayenda wapansi samwetsa olo dontho. Ngati boma likuika ndalama yofanana pa lita iliyonse, ndani wathandizidwa? Jokowi mwiniwake ananena mu 2022 kuti zoposa 70 peresenti za sabusideyo zinkapita kwa anthu opeza bwino, eni magalimoto. A zachilengedwe amaonjezera kuti chinthu chikatchipa dala anthu amachimwaza. Munthu sagula galimoto losamwa mafuta, mzinda suona chifukwa chomangira njanji, ndipo wofuna kugulitsa magetsi a dzuwa amapikisana ndi mtengo wabodza. Ndi chifukwa chake maiko a G20, gulu la maiko a chuma chachikulu momwe Indonesia ilimo, analonjezana ku Pittsburgh mu 2009 kuti azichotsa pang'onopang'ono sabuside zoterezi. Lonjezolo lakalamba lisanakwaniritsidwe: bungwe la IMF linawerengera kuti mu 2022 maboma a dziko lonse anaika madola a ku America pafupifupi 1.3 thiriliyoni pa kutsitsa mitengo ya mafuta, gasi ndi malasha.

Nanga ngati phindu likupita kwa olemera, bwanji osauka ndiwo amakhala patsogolo pa zionetsero mtengo ukakwera? Ena amafulumira kunena kuti anthuwo sakumvetsa. Ine sindikugwirizana nazo. Anthuwo akumvetsa bwino lomwe. Wolemera akatayako zambiri amakagonabe atakhuta. Wosauka amataya zochepa, koma zochepazo ndizo zonse zimene anali nazo: minibasi yakwera m'mawa womwewo, mpunga wakwera pamsika, msodzi sangakwanitse dizilo wa bwato lake. Ndipo chimene akulonjezedwa m'malo mwake ndi msewu kapena chipatala chimene chidzamangidwe chaka china ndi anthu amene iye sawakhulupirira. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. M'dziko limene katangale ndi nkhani ya tsiku ndi tsiku, mtengo wa pa pampu ndi thandizo lokhalo la boma limene munthu amaliona ndi maso ake, popanda wina kudyapo pakati.

Kumayambiriro kwa Meyi 1998, chuma cha maiko a ku Asia chitagwa ndipo rupiah itasanduka mapepala, boma la Suharto linakweza petulo ndi pafupifupi 70 peresenti, mogwirizana ndi zimene linapangana ndi IMF. Zipolowe zinayambira ku Medan. Pa 12 Meyi asilikali anaombera ndi kupha ophunzira anayi pa yunivesite ya Trisakti ku Jakarta, mzinda unayaka moto, anthu ambirimbiri anafa, ndipo pa 21 Meyi munthu amene analamulira zaka zoposa 30 anatula pansi udindo. Mafuta okha sindiwo anamugwetsa, mkwiyo unali utasonkhana kale. Koma atsogoleri onse obwera pambuyo pake anatolapo phunziro limodzi: pampu imaluma.

Amene anayamba kupeza njira ndi Pulezidenti Susilo Bambang Yudhoyono. Mu 2005 mitengo ya mafuta pa dziko lonse inakwera moti bajeti inatsala pang'ono kuphulika. Anakweza mu Malichi, n'kukwezanso mu Okutobala, ndipo kachiwiriko sikunali kuseweretsa: petulo kuchoka pa 2,400 kufika pa 4,500, palafini kuchoka pa 700 kufika pa 2,000. Chatsopano chinali chakuti ndalama zinafika m'manja mwa anthu nthawi yomweyo. Mabanja osauka pafupifupi 19 miliyoni anayamba kulandira 100,000 rupiah pa mwezi, yoperekedwa miyezi itatu pakamodzi ku positi ofesi. Kumeneko amati BLT. Ife tinganene kuti mtukula pakhomo. Sizinayende mwamyaa. Maina ena anasiyidwa, ena osayenera analowa, atsogoleri a m'midzi anatukwanidwa, ndipo pa mizere ya ku positi okalamba ankakomoka. Koma zionetsero zinazizira msanga, ndipo kuyambira pamenepo boma linayamba kukonza kaundula wa mabanja osauka amene anadzathandiza m'zaka zam'tsogolo. Chinthu chosasangalatsa kuchimva ngati kaundula, maina ndi malo okhala, ndicho chinapatsa boma mpata woti likhudze mtengo wa mafuta popanda kupsa manja.

Yerekezani ndi Nigeria. Pa 1 Januwale 2012 boma la Goodluck Jonathan linadzidzimutsa anthu ali kumudzi kokadya chaka chatsopano: petulo kuchoka pa 65 naira kufika cha pa 140. Dziko linaima ndi sitiraka, ndipo patangotha masabata awiri mtengo unatsika kufika pa 97. Pa 29 Meyi 2023 Bola Tinubu analengeza pa tsiku lomwe ankalumbira kuti sabuside yatha, mtengo n'kukwera pafupifupi katatu m'masiku ochepa, thandizo la mabanja n'kumadzabwera m'mbuyo mwa alendo. Mankhwala ndi omwewo, koma wina anayamba wadyetsa wodwalayo phala.

Tsopano pali kachinthu kamodzi kamene mukapita m'khitchini iliyonse ya anthu wamba ku Indonesia mukakapeza. Ndi kasilinda ka gasi kolemera makilogalamu atatu, kobiriwira, kakafupi ndi konenepa, moti anthu anakapatsa dzina loti melon chifukwa kamafanana ndi chipatso cha mtundu wa vwende. Mayi amakanyamula ndi dzanja limodzi, wa njinga yamoto amamangirira tingapo kumbuyo, wokazinga zakudya m'mbali mwa msewu amakaika pansi pa ngolo yake. Pathupi pake panalembedwa kuti ndi ka anthu osauka okha. Kanabwera mu 2007. Nthawi imeneyo mabanja ambiri ankaphikira palafini, ndipo palafini ndiye ankadya ndalama zambiri za boma pa lita iliyonse. Wachiwiri kwa pulezidenti, Jusuf Kalla, anatsogolera ntchito yogawa kwaulere mbaula ya gasi, paipi yake ndi silinda yodzaza kale, kwinaku palafini wotchipa akuchotsedwa dera ndi dera. M'zaka zochepa anagawa mbaula zoposa 50 miliyoni. Poyamba anthu ankaopa, ndipo mantha awo sanali opanda pake: cha m'ma 2010 nyumba zingapo zinapsa ndipo anthu anafa chifukwa cha mapaipi otayikira. Koma lero mabanja ochuluka kwambiri a m'dzikolo amaphikira gasi. Utsi unachepa m'nyumba, mapoto anasiya kuda, boma linapulumutsa ndalama.

Ife amene tikuona mapiri athu akumetedwa mpala chifukwa cha makala, nkhani ya melon imatigwira mtima, ndipo iyenera kutero. Imaonetsa kuti anthu mamiliyoni akhoza kusintha kaphikidwe m'zaka zisanu ngati chatsopanocho chaikidwa m'manja mwawo chakale chisanachotsedwe. Koma nkhaniyo ili ndi mchira. Mtengo umene boma linaika pa gasiyu mu 2007, wa 4,250 rupiah pa kilogalamu, unangokhala pomwepo zaka ndi zaka, palibe anayerekeza kuukhudza. Gasi wambiri amaitanitsidwa kunja ndi madola. Zolembedwa pa silinda zija palibe amaziwerenga. Opeza bwino ndi eni malesitilanti amagula nawo. M'zaka zaposachedwapa kasilinda kameneka kakhala kakudya pafupifupi 80 thiriliyoni rupiah pa chaka. Sabuside sinafe, inangosamuka m'botolo la palafini n'kukalowa mu silinda.

Tibwerere kwa Jokowi. Atakweza mtengo mu Novembala 2014, mwayi unamugwera. Mgolo wa mafuta, umene pakati pa chakacho unali pa madola oposa 100, unatsika mpaka kufika pansi pa madola 50 mu Januwale 2015. Kuyambira pa 1 Januwale sabuside ya petulo inachotsedwa, ya dizilo inatsala 1,000 rupiah yokha pa lita, ndipo tsiku lomwelo mtengo wa pa pampu unatsika kufika pa 7,600. Taonani zimenezo: sabuside yachoka, mtengo n'kutsika. Ndani akachite zionetsero? Masabata angapo m'mbuyomo boma linali litayamba kale kugawa makadi a chithandizo cha kuchipatala, a ana asukulu ndi a mabanja ovutika. Mu bajeti yokonzedwanso ya 2015 munapezeka ndalama zokwana pafupifupi 211 thiriliyoni rupiah, madola oposa 15 biliyoni, zoti n'kuzipatsa ntchito ina. Zinapita ku misewu, madoko, madamu a ulimi wothirira, makampani a boma a zomangamanga, ndi thumba latsopano lopita mwachindunji kumidzi. Kwa zaka zingapo, pa misonkhano ikuluikulu ya zanyengo, Indonesia inkatchulidwa ngati chitsanzo.

Kenako mafuta anayambanso kukwera pa msika wa dziko lonse, chisankho cha 2019 chikuyandikira. Lamulo linali lakuti mtengo uzionedwanso pakapita miyezi ingapo, koma boma linangosiya kuusintha. Kampani ya mafuta ya boma ya Pertamina inasenza mtolowo, boma n'kumaibwezera mochedwa pansi pa dzina lina, osati sabuside koma chipukuta misozi. Nkhondo ya ku Ukraine itayamba mu 2022, chobisika chija chinatulukira poyera. Ndalama zimene anakonza za sabuside ndi chipukuta misozi zinali 152 thiriliyoni. Zinafufuma mpaka 502 thiriliyoni. Pa 3 Seputembala Jokowi yemweyo anaimanso pamaso pa anthu kukweza petulo wa anthu wamba, wotchedwa Pertalite, kuchoka pa 7,650 kufika pa 10,000, ndi dizilo kuchoka pa 5,150 kufika pa 6,800. Mabanja oposa 20 miliyoni analandira 150,000 pa mwezi kwa miyezi inayi. Chimene chinavuta si kuchotsa sabuside tsiku limodzi. Chinavuta ndi kulola kuti mtengo uzidziyendera wokha mwezi ndi mwezi, ngakhale pamene ukukwera ndipo mavoti ali pakhomo. Ku Malawi ndi ku Zambia nakonso njira yoti mtengo uzitsata msika yakhala ikuyatsidwa ndi kuzimitsidwa malinga ndi mphepo ya ndale.

Ndiye funso limene ambiri amalidumpha: kodi zonsezi zinabweretsa chitukuko chosaononga chilengedwe? Apa ndi pamene ine ndimasiyana ndi oimba m'manja. Ndalama za 2015 zija zinamanga zinthu zofunika, palibe angatsutse. Jakarta inatsegula njanji yake yoyamba ya pansi pa nthaka mu Malichi 2019. Koma gawo lalikulu linapita ku misewu ikuluikulu ya magalimoto, ndipo m'zaka zomwezo dzikolo linali kalikiliki kumanga malo opangira magetsi oyendera malasha. Magetsi oposa theka, cha m'ma 60 peresenti, amachokera ku malasha. Indonesia ndi limodzi mwa maiko ogulitsa malasha ochuluka kwambiri pa dziko lonse, ndipo eni migodi ena ndi anthu a mphamvu m'ndale.

Ndipo pamalashapo pali sabuside ina imene siioneka mu bajeti. Eni migodi amakakamizidwa kugulitsa gawo la malasha awo m'dziko momwemo, ndipo kuyambira 2018 opita ku kampani ya boma ya magetsi ya PLN sadutsa madola 70 pa tani. Mu 2022 mtengo wa kunja unafika popitirira madola 400. Eni migodi ankazemba, kuthamangitsira katundu kunja, mpaka mu Januwale chaka chimenecho boma linaletsa kaye kutumiza malasha kunja poopa kuti magetsi azima. Kwa wogula magetsi izi n'zabwino, bilu yake siikwera. Koma taganizirani munthu amene akufuna kumanga malo opangira magetsi a dzuwa kapena a mphepo. Amene angagule magetsi akewo ndi PLN yokha, ndipo PLN imayerekeza mtengo wake ndi wa malasha otsitsidwa dala aja. Kuonjezera apo, pa chilumba cha Java magetsi anachuluka kuposa ofunika, ndipo mapangano ambiri amati PLN izilipira eni malo a malasha kaya yagwiritsa ntchito magetsiwo kaya ayi. Wa dzuwa alowera pati? Dziko lili pa mzere wa pakati pa dziko lapansi, dzuwa likuswa mtengo chaka chonse, pansi pake pali nthunzi yotentha ya m'mapiri ophulika yokwana kupanga magetsi ochuluka, koma cholinga chimene linadziikira, choti pofika 2025 mphamvu zokwana 23 peresenti zizichokera ku zinthu zosatha, silinachiyandikire.

Sikuti palibe chikuchitika. Mu Novembala 2023 anatsegula malo opangira magetsi a dzuwa oyandama pa damu la Cirata ku West Java, mapanelo ndandanda pamadzi, okwana mamegawati 145. Chaka cham'mbuyo mwake, pa msonkhano wa G20 ku Bali, maiko olemera ndi mabanki analonjeza madola 20 biliyoni othandizira dzikolo kuchoka pa malasha. Koma zambiri mwa ndalamazo ndi ngongole, zimatuluka mwakachetechete ngati madzi a pampopi wouma, ndipo mu 2025 America inatulukamo m'panganolo. Yerekezani madola 20 biliyoni a zaka zambiri amenewo ndi 502 thiriliyoni rupiah, madola oposa 30 biliyoni, amene boma linakonza kuwatentha m'chaka chimodzi chokha. Ndalama zosinthira dzikolo zilimo kale m'thumba mwake. Kukweza mtengo wa petulo kumazimasula, koma sikuziuza kolowera. Kolowerako kumasankhidwa m'zipinda zina, ku unduna wa zachuma, ku nyumba ya malamulo, m'mapangano ogulira magetsi amene palibe wa kabaza anawaonapo, ndipo m'zipinda zimenezo a malasha ndiwo amakhala mipando yakutsogolo.

Boma la Prabowo Subianto, limene linalowa mu Okutobala 2024, linayesa kukhudza melon uja. Maganizo ake anali omveka: gasi wa osauka azigulitsidwa m'malo olembetsedwa okha, kuti adziwike akugula ndani komanso kuti mavenda asamaonjezere mtengo. Pa 1 Febuluwale 2025 timagolosale ta m'makwalala tinaletsedwa kugulitsa tisilindato. M'mawa mwake amayi anali pamizere italiitali padzuwa, aliyense atakumbatira silinda yake yopanda kanthu, ena atayenda mtunda wautali kufunafuna malo ovomerezekawo, okazinga zakudya atatseka ngolo zawo. Makanema a anthu okwiya anadzaza pa intaneti. Pa 4 Febuluwale pulezidenti analamula kuti timagolosale tija tiyambenso kugulitsa.